Mwezi ndi Masiku a Zikondwerero

Nkhani imene ndifuna kukuuzani inayamba ndi manyazi, ndipo ndiyamba ndi manyaziwo kuti mudziwe chimene chinandituma kufufuza zinthu zimene sizibwera pa mayeso.

Pa tchuthi cha Khirisimasi mu 2024 akuluakulu a kwathu anakhala pakhonde kukambirana za ukwati wa achemwali anga. Ku tchalitchi kwathu sadalitsa maukwati m'nyengo ya Lenti, tsono panafunika kudziwa tsiku la Pasaka kuti ukwatiwo uchitike Loweruka lotsatira. Kalendala ya chaka chatsopano inali isanafike m'nyumba. Amalume, amene ndiwo ankhoswe, anandiitana nati, "Mphwanga, iwe ndiwe wa ku sekondale. Kodi Pasaka wa chaka chamawa adzagwa liti?" Ine ndinakumbukira kuti mu 2024 tinadya Pasaka pa 31 Malichi, ndipo posafuna kuoneka mbuli pamaso pa munthu amene amandilipirira fizi, ndinayankha msanga kuti, "Pa 31 Malichi, amalume, monga mwa nthawi zonse." Iwo anakhulupirira, natumiza mawu kuchimuna kuti ukwati udzakhala pa 5 Epulo.

Itatha sabata amalume anapita kukalembetsa tsikulo kwa akatekisi. Akatekisi anatsegula kabuku kawo nafunsa kuti, "Kodi bambo, munadyapo Pasaka Lolemba?" Pakuti 31 Malichi 2025 linali Lolemba, ndipo Pasaka weniweni anali pa 20 Epulo. Tsiku limene tinasankha lija linali m'kati mwa Lenti. Amalume anayendanso ulendo wa kuchimuna kukapepesa, ndipo ukwati unasunthidwa kufikira pa 3 Meyi. Mawu amene anandiuza atabwerako sindiwalemba muno, chifukwa Akonzi angawadule. Agogo anga aakazi, amene sanapondepo m'kalasi, anangoti, "Mukanafunsa ine. Pasaka sabwera mwezi uli mwana." Nditabwerera kuno kusukulu ndinakafunsa aphunzitsi athu a Jogalafe, ndinawerenganso mabuku a m'laibulale, ndipo ndinapeza kuti agogo ananena zoona. Ndinapezanso kuti mwezi womwewo ndiwo umalamula zikondwerero zazikulu za Ahindu ndi za Abuda.

Gwero la vuto lonse ndi samu yaing'ono. Kuchokera pamene mwezi wakhala kufikira utakhalanso, pamapita masiku 29 ndi theka. Miyezi yotere ikakwana 12 imapanga masiku 354. Koma chaka cha dzuwa, chimene chimabweretsa mvula ndi chisanu pa nthawi yake, chili ndi masiku 365 ndi maola pafupifupi 6. Pakati pa ziwirizi pamatsala masiku 11. Kotero chikondwerero chilichonse chowerengedwa ndi mwezi chimabwerera m'mbuyo ndi masiku 11 chaka ndi chaka, tikachiyang'ana pa kalendala ya pakhoma. Anzathu Achisilamu amalola kuti zikhale choncho, n'chifukwa chake Ramadan amagwa nthawi zina m'dzinja, nthawi zina m'chisanu, nazungulira nyengo zonse m'zaka pafupifupi 33. Koma Ayuda, Ahindu ndi Abuda safuna kuti zikondwerero zawo zichoke pa nyengo yake. Iwo akaona kuti masiku otsalira aja akwana mwezi, amaonjezera mwezi wa 13 pa chaka chimenecho. Akale anapeza kuti zaka 19 za dzuwa zimalingana ndi miyezi 235, ndipo Mgiriki wina wa ku Athens, dzina lake Meton, anafotokoza zimenezi cha m'ma 432 Yesu asanabadwe. Werengani nokha: zaka 12 za miyezi 12, ndi zaka 7 za miyezi 13, zikupatsani 235.

Tsono tibwere kwa Pasaka amene anandichititsa manyazi. Yesu anapachikidwa mu Yerusalemu pa nyengo ya Paskha wa Ayuda, phwando lokumbukira kutuluka kwa makolo awo mu Igupto, ndipo phwando limenelo limadyedwa mwezi uli wathunthu. Akhristu oyamba sanagwirizane za tsiku lokumbukira kuuka kwake. Ena a ku Asia ankatsata tsiku la 14 la mwezi wa Ayuda wotchedwa Nisan, ngakhale litagwa pakati pa sabata, pamene ena ankati liyenera kukhala Lamulungu basi. Mu 325 mfumu Constantine inaitanitsa mabishopu ku mzinda wa Nicaea, m'dziko limene tsopano ndi Turkey, ndipo kumeneko anagwirizana kuti Akhristu onse azidya Pasaka tsiku limodzi. Lamulo limene linakhazikika pambuyo pake ndi ili: yambani pa 21 Malichi, tsiku limene mpingo umaliwerenga kuti usana ndi usiku zalingana, dikirani mwezi wathunthu woyamba kuyambira tsiku limenelo, Lamulungu lotsatira ndiye Pasaka.

Tiyese lamuloli ndi chaka changa cha tsoka. Mu 2025 mwezi unakhwima pa 14 Malichi, koma umenewo unafulumira, 21 Malichi asanafike, choncho sunawerengedwe. Unakhwimanso pa 13 Epulo. Tsikulo linali Lamulungu, ndipo zikatero lamulo limati mudikire Lamulungu linalo, ndiye 20 Epulo. Mu 2024 mwezi unakhwima Lolemba pa 25 Malichi, n'chifukwa chake Pasaka anafulumira pa 31. Tsiku limene ine ndinatchula kwa amalume, mwezi unali utangokhala kumene, kamwana kongoonekera kumadzulo, monga ananenera agogo. Pasaka sangabwere 22 Malichi asanafike, ndipo sangapitirire 25 Epulo. Malire awiriwa safikidwa kawirikawiri: pa 22 Malichi anagwa komaliza mu 1818, ndipo pa 25 Epulo anagwa mu 1943, adzagwanso mu 2038. Ndichenjeze pang'ono amene afuna kuyesa okha: mpingo suyang'ana kumwamba, umawerenga mwezi pa matebulo ozikidwa pa zaka 19 zija, ndipo zaka zina mwezi wa pa tebulo umasiyana ndi wa kumwamba ndi tsiku limodzi kapena awiri.

Pasaka akasuntha amakoka masiku ena ngati ng'ombe yokoka ngolo. Lachitatu la Phulusa limabwera masiku 46 m'mbuyo mwake, ndiwo masiku 40 a kusala pamodzi ndi masiku 6 a Lamulungu amene sawerengedwa. Pentekoste amabwera pa tsiku la 50. Khirisimasi yokha ndiyo sigwedezeka, pakuti inamangidwa pa kalendala ya dzuwa ya Aroma. Mabuku a Uthenga Wabwino satchula tsiku limene Yesu anabadwa, koma zolembedwa zakale zimasonyeza kuti mu 336 Akhristu a ku Rome anali akukumbukira kale kubadwako pa 25 Disembala. Ine ndinalakwa chifukwa ndinayesa kuti Pasaka ndi mbale wake wa Khirisimasi, chikhalirecho wina ndi mwana wa mwezi, wina wa dzuwa.

Chinanditonthoza pang'ono n'chakuti ngakhale Akhristu okhaokha sanamalize kugwirizana. Mu 1582 Papa Gregory XIII anakonza kalendala yakale ya Julius Caesar, imene inali itatsalira, nadumpha masiku 10, kotero kuti anthu anagona pa 4 Okutobala nadzuka pa 15. Mipingo yambiri ya Orthodox imawerengabe Pasaka ndi kalendala yakaleyo, imene tsopano yatsalira ndi masiku 13. Mu 2024 ife tinadya Pasaka pa 31 Malichi, iwo pa 5 Meyi. Mu 2025 tinakumana tonse pa 20 Epulo, chaka chimene panakwana zaka 1,700 chichitikire msonkhano wa ku Nicaea.

Mwezi wa pa 14 Malichi uja, umene Akhristu anaulumpha, sunapite pachabe. Ku India tsiku limenelo Ahindu anali pa chikondwerero cha Holi, chimene chimadza mwezi wawo wa Phalguna ukakhwima. Usiku wake amasonkha moto waukulu pokumbukira mnyamata Prahlada, amene anapulumuka m'moto chifukwa chokhulupirika kwa Vishnu, ndipo kukacha amathirana ufa ndi madzi a mitundumitundu m'misewu, wamkulu ndi wamng'ono yemwe. Koma chikondwerero cha Ahindu chimene chinandikoka mtima kwambiri ndi Diwali, chifukwa icho chimatsata mwezi mwa njira ina. Sichidikira kuwala, chimadikira mdima.

Ambiri a ife tikamva kuti Amwenye timangoganiza za masitolo a ku Limbe, ndipo sitisiyanitsa. Zoona zake n'zakuti ambiri mwa Amwenye a m'dziko muno ndi Asilamu, koma aliponso Ahindu, ndipo ali ndi kachisi wawo mu Blantyre. Makolo a ambiri a iwo anachokera ku chigawo cha Gujarat. Bambo anga amapikula katundu kwa mkulu wina Mhindu, ndipo pa tchuthi china ndinalimba mtima ndi kumufunsa za nyali zimene amayatsa m'nyengo yotentha mvula isanayambe. Anaseka, nandikhazika pa thumba la mchere, nandifotokozera kwa nthawi yaitali, bambo akudikira lisiti.

Dzina lakuti Diwali linachokera ku mawu a Chisanskrit otanthauza mzere wa nyali. Chikondwererochi chimatenga masiku 5, ndipo tsiku lalikulu ndi lachitatu, usiku umene mwezi wafa, pakati pa Okutobala ndi Novembala. Nyalizo ndi timbale tadothi tating'ono, tothiramo mafuta ndi kachingwe ka thonje, ndipo amazindanda pakhomo, pamazenera ndi pamakoma. Kumpoto kwa India amati nyalizi zimakumbutsa kubwerera kwa Rama, amene Ahindu amamulemekeza monga Vishnu wobadwa m'thupi la munthu. Nkhani yake ili m'buku lakale la Ramayana, ndipo aliyense amene anakulira m'mudzi wa mfumu ya mitala aimva msanga. Dasharatha, mfumu ya ku Ayodhya, anafuna kusiyira ufumu mwana wake wamkulu Rama. Koma mkazi wake wina, Kaikeyi, anamukumbutsa lonjezo lakale, napempha kuti mwana wake Bharata alowe ufumu, ndi kuti Rama apirikitsidwe kunkhalango zaka 14. Rama sanakane, pofuna kuti mawu a atate wake asagwe pansi. Anapita pamodzi ndi mkazi wake Sita ndi mng'ono wake Lakshmana. Ali kumeneko Ravana, mfumu ya ku Lanka, anaba Sita, ndipo Rama anakamulanditsa pa nkhondo, mothandizidwa ndi Hanuman ndi gulu la anyani. Zaka zija zitakwana anabwerera kwawo, ndipo anthu a mu Ayodhya anayatsa nyali kuti amulandire mu usiku wopanda mwezi.

Munthu amene ine anandigometsa m'nkhaniyi si Rama ayi, koma Bharata. Iye anapatsidwa ufumu osauvutikira, koma anaukana. Anatsatira mkulu wake kunkhalango kukamupempha kuti abwerere, ndipo Rama atakana, Bharata anatenga nkhwaira zake nakaziika pa mpando wachifumu, iye n'kumalamulira m'dzina la nkhwairazo zaka zonse 14. Kwathu ndinaonapo abale akulekana moni chifukwa cha dimba limodzi.

Usiku womwewo Ahindu amapembedza Lakshmi, mulungu wamkazi wa chuma ndi mwayi. Amasesa ndi kukongoletsa nyumba, najambula maluwa pansi pakhomo ndi ufa wa mitundu, pakuti amati iye salowa m'nyumba yauve kapena yamdima. Amalonda a Chigujarati amatseka mabuku akale a ndalama nadalitsa atsopano, ndipo chikondwererochi chimatsatana ndi chaka chawo chatsopano. Mkulu uja anandiuza kuti munthu amayesetsa kubweza ngongole zake nyali zisanayake, ndipo ponena zimenezi anayang'ana bambo anga. Kumwera kwa India nkhani imene amakumbukira ndi ina, ya Krishna amene anagonjetsa Narakasura, koma nyali ndi zomwezo.

Masiku a Diwali amasonyeza bwino samu ija ya masiku 11. Mu 2023 anali pa 12 Novembala. Mu 2024 anabwerera kufika pa 31 Okutobala, mu 2025 pa 20 Okutobala. Akanapitirira choncho akanafika mu Seputembala, koma chaka cha 2026 chili ndi mwezi woonjezera, ndipo Diwali wake ndi pa 8 Novembala. Mwezi woonjezerawo umabwera pakapita miyezi pafupifupi 32 kapena 33. Ndinakondwa kumva kuti mu 2024 akatswiri a kalendala ku India anatsutsana okhaokha, ena nati 31 Okutobala, ena 1 Novembala, chifukwa nthawi ya kufa kwa mwezi inakhudza madzulo a masiku onse awiri. Nkhani imeneyi ndinakawauza amalume, koma sinawasinthe maganizo pa za ine.

Titsate mwezi wa 2025 kamodzinso. Unakhwima pa 14 Malichi, Ahindu nathirana mitundu. Unakhwima pa 13 Epulo, Akhristu nawerengera Pasaka. Utakhwima kachitatu, pa 12 Meyi, inali nthawi ya Abuda, ndipo tsiku lawo limatchedwa Vesak. M'maiko monga Sri Lanka, Thailand ndi Myanmar amakumbukira zinthu zitatu pa tsiku limodzi: kubadwa kwa Buddha, kuunikiridwa kwake, ndi imfa yake, pakuti mwambo wawo umati zonsezi zinachitika mwezi wa Vesakha uli wathunthu. Zili ngati ife titaphatikiza Khirisimasi, Ubatizo wa Ambuye ndi Lachisanu Loyera.

Buddha si dzina, ndi ulemu, ndipo tanthauzo lake ndi munthu wogalamuka. Dzina lake linali Siddhartha Gautama, mwana wa mtsogoleri wa fuko la Shakya. Anabadwira ku Lumbini, m'dziko limene tsopano ndi Nepal, zaka pafupifupi 2,500 zapitazo, ndipo pamalopo pali mwala wautali umene mfumu Ashoka inaimika ndi kulembapo kuti apa ndi pamene anabadwira. Mwambo umati atate wake anamubisira mavuto onse a dziko, mpaka tsiku lina atatuluka kunja kwa mpanda anaona nkhalamba, kenaka wodwala, kenaka mtembo, ndipo pomaliza munthu wosiya zonse, woyenda ndi mbale yopemphera chakudya koma nkhope yake ili phee. Ali ndi zaka 29 anachoka usiku, nasiya mkazi wake Yasodhara ndi khanda lawo Rahula. Mbali imeneyi imandivuta, ndinene zoona. Kwathu ankhoswe akanamutsatira. Koma funso limene linamuchotsa pakhomo ndi lomwe tonse timafunsa pa maliro, lakuti kuvutika kumachokera kuti. Anayesa kudzizunza ndi njala zaka 6 mpaka kutsala mafupa, naona kuti sizithandiza. Tsono anadya, nakhala pansi pa mtengo wa mtundu wa mkuyu, pamalo amene tsopano amatchedwa Bodh Gaya, ndipo ali ndi zaka 35 anapeza yankho lake: kuti muzu wa kuvutika ndi chilakolako chosakhuta, ndi kuti pali njira ya pakati, yosadzikondweretsa mopitirira ndiponso yosadzizunza. Anayamba kuphunzitsa ku Sarnath, anaphunzitsa zaka 45, namwalira ku Kushinagar ali ndi zaka 80. Iye sanadzitche mulungu, ndipo apa ndi pamene asiyana ndi Yesu ndi Rama m'maso mwa owatsatira.

Ku Sri Lanka mwezi uliwonse ukakhwima ndi tsiku la tchuthi m'dziko lonse. Taganizani, anzanga, tchuthi mwezi ndi mwezi! Pa Vesak anthu amavala zoyera napita ku kachisi ndi maluwa, amapachika nyali za mapepala pa nsungwi, malo ogulitsa mowa ndi nyama amatsekedwa, ndipo m'mbali mwa misewu amamanga zisakasa zogawirapo chakudya ndi zakumwa kwaulere kwa aliyense wodutsa. Mu 1999 bungwe la United Nations linavomereza tsikuli kukhala lokumbukiridwa pa dziko lonse.

Koma nawonso Abuda sali pa tsiku limodzi. Ena a inu munamvapo za malo olerera ana amasiye a Amitofo, kufupi ndi Blantyre, amene anayambitsidwa ndi Abuda ochokera ku Taiwan. Abuda a mwambo wa Chitchaina amakumbukira kubadwa kwa Buddha pa tsiku la 8 la mwezi wachinayi wa kalendala yawo, mwezi uli theka, ndipo amasambitsa kachifanizo ka Buddha ali khanda. Ajapani anachita chinthu chimene chikanandipulumutsa ine: atatenga kalendala ya Azungu mu 1873, akachisi ambiri anakhomerera tsikuli pa 8 Epulo, ndipo silisunthanso.

Chinthu china chimene ndinazindikira n'chakuti zikondwerero zonsezi zinabadwira kumpoto kwa dziko lapansi, ndipo zikafika kuno zimapeza nyengo yotembenuka. Mabuku a ku Ulaya amati Pasaka ndi wa nthawi imene mitengo iphuka chisanu chitatha, koma kwathu amadza mvula ikutha, tikudya mondokwa ndi maungu. Diwali ku India amadza mvula yawo itatha, pamene ku Limbe amayatsa nyali m'kati mwa kutentha kwa chilimwe, anthu akulima mizere. Nyengo zimatembenuka, koma mwezi sutembenuka: usiku umene wakhwima ku Colombo wakhwimanso ku Dedza.

Ukwati wa achemwali unachitika bwino pa 3 Meyi, ndipo ine ndinapatsidwa ntchito yotunga madzi tsiku lonse. Agogo okha ndiwo anadandaula, chifukwa mwezi unali usanafike ndi theka lomwe ndipo unalowa usiku usanagawike, kotero kuti ovina anatsala mu mdima. Anati tikanadikira sabata ina imodzi tikanavina mpaka tambala. Amene muli ndi alongo ofuna ukwati mu 2027, lembani pena pake: Lachitatu la Phulusa ndi pa 10 Febuluwale, ndipo Pasaka ndi pa 28 Malichi. Masiku amenewa ndawawerenga kawiri, ndipo akatekisi awavomereza.